Kumanga Pakhomo Osapha Nsomba: Malangizo kwa Mabanja a ku Lizulu

Ndalama ya mbatata ya kachewere, kabichi ndi tomato ikalowa m'thumba, mabanja ambiri kuno ku Lizulu amayamba kukonza pakhomo. Wina akusasula udzu kuti akhome malata, wina akuwonjezera chipinda cha ana, wina akuika simenti pansi, winanso akupaka penti golosale yake m'mbali mwa msewu wa M1. Ntchito zimenezi zimachuluka kuyambira Meyi mpaka Okutobala, mvula isanagwe. Ndi chitukuko chabwino. Koma ngati kumunsi kwa nyumba yanu kuli damu la nsomba, kapena muli ndi thanki ya simenti yowetera milamba kuseri kwa khitchini, kapena nsomba zokongoletsa m'galasi pabalaza, pali zoyenera kukonza thumba loyamba la simenti lisanang'ambidwe.

Nkhuku fumbi likaichulukira imathawira kwa aneba. Mbuzi mumakaimangirira kwina. Nsomba ilibe kothawira: chimene chalowa m'madzi imachipuma usana ndi usiku. Ndipo madamu ambiri timakumba kumunsi, pafupi ndi dimba kapena dambo, pamene nyumba timamanga kumtunda. Chilichonse chotayika pachimango chidzatsikira kudamu, chikungodikira mvula. Kabuku kano kakuthandizani kuchitsekera njira.

Tsatani madzi musanagule simenti

Imani pamene mmisiri akufuna kusakanizira simenti. Tsanulani ndowa ziwiri za madzi, muone kumene akulowera. Nthaka ikawamwa msanga, yang'anani zizindikiro za mvula ya chaka chatha: timakwawa, mchenga umene unaunjikana, udzu wogonera mbali imodzi. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo kuno kwathu kwa zitunda ndi zigwa timaziona dzinja lililonse. Njira imene madzi anadutsa chaka chatha ndi yomweyo imene idzanyamule zotsala za chimango chanu.

Mukaidziwa njirayo, sankhani malo osakanizira simenti, oumbira mabuloko ndi osungira matumba. Akhale kutali ndi damu, mapazi akuluakulu 30 kapena kuposa. Malo akakhala ochepa, yang'anani kwambiri kumene nthaka yapendekera. Mamita 10 kuseri kwa chitunda ndi abwino kuposa mamita 50 molunjika pamwamba pa damu.

Kenako kumbani ngalande yopatutsa madzi kumtunda kwa damu, yakuya masentimita 30 kapena kuposerapo, dothi lake muunjike kumbali ya damu. Ngalandeyi isathere m'dimba la mnzanu, pachitsime kapena mumtsinje. Ithere m'dzenje lakelake kapena pathengo pa udzu wambiri. Amene munabzala kale vetiva pamwamba pa damu muli ndi mwayi, chifukwa mpanda wa vetiva wokhwima umagwira dothi lambiri. Wobzala lero sangakuthandizeni chaka chino, ndiye ndandalikani matumba odzaza dothi m'malo mwake.

Pafupi ndi posakanizira kumbani dzenje lotsukira, mita imodzi mulitali, mita imodzi mulifupi, lakuya kufika m'mawondo. Yalanimo pepala lakuda la pulasitiki losabooka. Wilibala, fosholo, chipande, ndowa ndi nsapato zonse zizitsukidwa pamenepo basi. Dzuwa limaumitsa madziwo, pansi pamatsala chigamba cholimba chimene mungachiphwanye n'kuchithira pansi pa khonde musanaike simenti. Dzenjeli mulitchingire kuti ana ndi nkhuku zisagweremo.

Musaiwale mkwasa wobweretsa madzi m'damu. Ngati umadutsa pafupi ndi chimango, anthu adzasambamo m'manja ndi kutsukamo zida, osati mwadala, koma chifukwa madzi ali pafupi. Usuntheni, kapena muukwirire ndi paipi pamene ukudutsa pafupi ndi ntchito.

Simenti ndi laimu

Simenti akauma ndi mwala, savuta kwenikweni. Woopsa ndi simenti wamadzi: phala lotsala m'wilibala, madzi otsukira zida, madzi othirira khoma latsopano. Pemphani wothandizira mmisiri akuonetseni manja ake atagwira simenti sabata yathunthu opanda magolovesi. Khungu limakhala louma mbuu, long'aluka, pena zilonda pakati pa zala. Chimene chadya khungu lolimba la munthu wamkulu ndi chomwecho chimakafika pa makha a nsomba, tinyama tofiira tofewa timene imapumira.

Akatswiri amayeza ukali wa madzi ndi muyeso wotchedwa pH, woyambira pa 0 kufika pa 14. Makumba, chilunguni ndi chambo zimakhala bwino madzi akakhala pakati pa 6.5 ndi 9. Akafika pa 11 nsomba zimafa. Madzi otsukira simenti amafika pa 12, pena kuposa. Ndipo nambala iliyonse ikakwera, ukali umachuluka ka 10. Kuchoka pa 9 kufika pa 12 ndiye kuti wachuluka ka 1,000.

Wina adzati, ndowa imodzi ingachite chiyani m'damu lonse? N'zoona kuti damu la mamita 10 kwa 20, lakuya mita imodzi, limasunga malita pafupifupi 200,000, ndipo ndowa imodzi ikhoza kusungunuka osapha kanthu. Koma chimango sichitha tsiku limodzi. Ndi ndowa zingapo tsiku lililonse kwa milungu itatu kapena inayi, m'nyengo imene madzi aphwa ndipo olowa ndi ochepa. Komanso madzi akudawo amalowera m'mphepete, pamadzi osaya, pamene tiana ta nsomba timakonda kukhala. Zazikulu zikhoza kupulumuka, inu n'kumati zili bwino, pamene mbewu ya chaka chamawa yatha.

Chenjerani kwambiri ndi mabuloko. Chichokereni 2018, pamene boma linaletsa njerwa zootcha pa zomangamanga za boma ndi zamalonda pofuna kuteteza mitengo, mabuloko a simenti afala, ndipo ena amaumbira pakhomo pomwepo. Mabuloko amafuna kuthiriridwa masiku 7 kapena kuposa kuti akhwime, ndipo madzi oyenderera pamenepo ndi aukali. Afunditseni ndi udzu kapena masaka onyowa, muzithirira ndi keni pang'onopang'ono. Mudzagwiritsa madzi ochepa, mabuloko adzakhwima bwino, ndipo oyenderera sadzakhalapo.

Za laimu pali chisokonezo chimene chimapweteketsa alimi. Alangizi amatiuza kuthira laimu m'damu, ndiye munthu amaganiza kuti wotsala popaka khoma akhoza kukathira konko. Ayi. Laimu wa ulimi ndi mwala wopera, wofatsa, wosungunuka pang'onopang'ono. Laimu wopakira nyumba ndi wootcha, waukali. Ameneyu akamathiridwa m'damu ndiye kuti damulo laphwetsedwa, mulibe nsomba, ndipo cholinga chake ndi kupha tizilombo totsalira pansi. M'damu la nsomba zamoyo asalowemo, ngakhale madzi otsukira burashi yake.

Ngati pa ntchito yomweyo mukumanga thanki ya simenti yowetera nsomba, musafulumire kuikamo mbewu. Idzazeni madzi, akhale sabata imodzi, muwataye kutali ndi damu, mukweche makoma ndi burashi, mudzazenso. Bwerezani katatu kapena kanayi. Mukatero yesani ndi tinsomba tiwiri kapena titatu kwa masiku atatu. Tikakhala bwino ndipo tikudya, ikani zotsalazo.

Mankhwala a chiswe, oilo ndi penti

Apa ndi pamene damu lonse limatha usiku umodzi. Anthu a ku Lizulu mankhwala opopera timawadziwa bwino chifukwa cha tomato ndi kachewere, ndipo kuzolowerako kumatichotsa mantha. Mankhwala ambiri othira m'maziko popewa chiswe, monga chlorpyrifos, cypermethrin ndi fipronil, ndi poizoni woopsa kwa zamoyo za m'madzi. Masupuni ochepa chabe a cypermethrin wosasungunula angathe kupha nsomba m'damu lonse la mamita 10 kwa 20. Yang'anani pabotolo: ambiri ali ndi kachithunzi ka nsomba kochenjeza kuti asayandikire madzi.

Gulani mankhwala m'sitolo yololedwa ndi bungwe la Pesticides Control Board, m'botolo lake lenileni lolembedwa. Timabotolo tothiridwa kuchokera kwina, topanda dzina, musagule. Zikavuta simudzadziwa chouza mlangizi kapena adokotala. Thirani tsiku louma, kumwamba kuli koyera, kopanda mphepo. Muyeso ukhale wolembedwa pabotolo, osati woyerekeza. Mukathira m'maziko fundirani ndi pulasitiki ndipo simenti aikidwe msanga. Botolo likatha litsukuluzeni katatu, madzi otsukuluzawo athiridwe m'maziko momwemo, kenako libooleni kuti wina asadzatungire madzi. Sipuleya isatsukidwe pamkwasa, ndipo amene wapopera asambe ndi kusintha zovala asanapite kukadyetsa nsomba.

Ena pofuna kupewa mtengo wa mankhwala amanyika masamba a ombwe kapena kusinja katupe n'kuthira pamene pali chiswe. Poti ndi zachilengedwe, amaziyesa zopanda vuto. Kumbukirani kuti zimenezi ndi zomwe anthu ankaphera nsomba m'mitsinje, ndipo lamulo la za usodzi limaletsa kupha nsomba ndi poizoni. Madzi ake asayandikire damu.

Oilo wakuda wochotsa m'galimoto kapena m'chigayo, amene timapaka mitengo ya denga ndi nsichi, nayenso ndi mdani, pamodzi ndi Solignum ndi mankhwala ena otetezera matabwa. Oilo amayala kansalu pamwamba pa madzi, mpweya sulowa bwino, ndipo amakanirira pa makha. Nsomba zopulumuka zimanunkha mafuta, wogula akangolawa kamodzi sabweranso. Pakirani mitengo pa pepala la pulasitiki, pansi pa denga, ndipo iume kaye musanaisiye panja.

Penti wa mafuta, thina, parafini ndi petulo wotsukira maburashi zisungidwe m'chitini chotseka. Penti wa madzi ndi wofatsako, koma burashi yake itsukidwe m'dzenje lotsukira lija. Zitini ndi ndowa za penti zikatha zimaoneka zabwino kutungira madzi kapena kuikamo madeya a nsomba. Musatero.

Malata, dothi ndi madzi otunga

Malata atsopano amakutidwa ndi zinki kuti asachite dzimbiri. Mvula zoyamba zimatsuka zinkiyo pang'onopang'ono, ndipo nsomba sizigwirizana naye. M'damu lalikulu la dothi vuto limachepa, koma m'thanki yaing'ono kapena m'galasi madzi a padenga latsopano akhoza kupha. Mgolo wotchera madzi a padenga ugwire ntchito zina, monga kuchapa ndi kuthirira maluwa.

Dothi lokumba pamaziko, pachimbudzi kapena poumba njerwa silili ndi poizoni, komabe limawononga. Madzi a damu labwino amakhala obiriwira chifukwa cha tizomera ting'onoting'ono timene nsomba zimadya, ndipo tizomerato timafuna dzuwa. Matope ofiira akalowa, dzuwa silipyola, chakudya chachilengedwe chimatha, ndipo manyowa amene mwakhala mukuthira apita pachabe. Chilunguni chimavutika koposa, chifukwa chimaikira mazira pansi pa damu, matope n'kuwakwirira. Makumba amasunga mazira m'kamwa, ndiye amapirirako. Yesani chonchi m'mawa uliwonse: vikani mkono mpaka m'chigongono. Chikhatho chikamazimirira chapamenepo m'madzi obiriwira, zili bwino. Chikazimirira madzi asanapyole pamfundo ya dzanja, ndipo mtundu wake ndi wofiira kapena wotuwa, kwinakwake dothi likulowa. Mulu wa dothi ndi mchenga musauunjike pamwamba pa damu; ufunditseni ndi udzu.

Chimango chimamwa madzi ambiri, ndipo damu ndilo chitsime chapafupi. Ngati mungathe, kanani. Ngati palibe kuchitira mwina, pakhale ndowa imodzi yoyera, yomangidwa kansalu kofiira pachogwirira, yotungira m'damu basi. Wotunga azithira mu diramu yoima patali, ndipo a chimango azitunga mu diramumo. Khomani kamtengo m'damu muikepo chizindikiro: kumbali yakuya kuya kwa madzi kusachepere mita imodzi. Kuno nkofunika kwambiri chifukwa cha chisanu chathu cha Juni ndi Julayi. Nsomba za mtundu wa chambo zimakula bwino madzi akafunda madigiri 25 mpaka 30. Akatsika pansi pa 16 kudya kumachepa kwambiri, ndipo akayandikira 10 zimayamba kufa. Madzi akuya amasunga kutentha usiku. Osaya amazizira msanga. Mu Okutobala vuto limatembenuka: madzi osaya amatentha kwambiri masana, ndipo mbandakucha mpweya umaperewera.

Kambani ndi mmisiri ntchito isanayambe

Zonsezi sizingatheke ngati zili m'mutu mwa mwini nyumba yekha. Mmisiri si mlimi wa nsomba. Iye anaphunzira kuti zida zitsukidwe simenti asanaume, ndipo amatsukira pamadzi apafupi. Palibe cholakwa pamenepo mpaka mutamuuza. Tsiku lopangana mtengo, pitani naye kudamu, bambo ndi mayi nonse, chifukwa nthawi zambiri amene amatsala pakhomo masana ndi kudyetsa nsomba ndi mayi. Mawu ake safunika kuchuluka:

"Amisiri, tisanakambe za ndalama, tabwerani muone kumunsi kuno. Umu muli nsomba, ndiye fizi ya ana imachokera momwemu. Chonde, simenti, laimu, penti kaya mankhwala, madzi ake asafike kuno. Dzenje lotsukira takumba apo, madzi muwapeza mu diramu iyo."

"Tamva, bambo. Nanga anyamata anga akafuna kusamba poweruka?"

"Mayi aziwaikira madzi kubafa. Kudamu kuno asatsikeko ndi zovala za ntchito."

Nenaninso pamaso pa othandizira onse, chifukwa wotsuka wilibala si mmisiri wamkulu, ndi mnyamata wa ganyu amene mwina wabwera lero, mawa kubwera wina. Uzaninso ana anu, amene amatumidwa kukataya madzi otsala. Ngati pangano la ntchito mwalemba papepala, onjezanimo mzere umodzi wa za damu. Ndipo madzulo aliwonse, anthu akaweruka, yendani kuchokera pachimango mpaka kudamu. Mkwasa woyera wa simenti pansi umaoneka msanga, ndipo kuukonza tsiku lomwelo n'kosavuta.

Kukolola kapena kusamutsa

Pali makomo ena pamene damu lili pafupi kwambiri ndi nyumba moti ngalande singathandize. Pamenepo nzeru yabwino ndi kukolola nsomba zazikulu ntchito isanayambe. Kuno kutali ndi nyanja nsomba yaiwisi sisowa wogula, ndipo ndalamayo ithandiza pa malata ndi misomali. Sungani mbewu yokha: makolo abwino ochepa ndi tiana. Zimenezi mukhoza kuzisungitsa kwa mlimi mnzanu wa nsomba, m'hapa, kaukonde kosokedwa ngati bokosi kamene kamaimikidwa m'damu ndi mitengo. Hapa isasokedwe ndi neti yogonamo, chifukwa maneti a udzudzu ali ndi mankhwala a gulu limodzi ndi cypermethrin.

Posamutsa, lekani kudyetsa tsiku lathunthu kuti nsomba zisadetse madzi panjira. Gwirani m'mamawa kukadali kozizira, ndi manja onyowa. Zidebe zikhale zimene sizinasungepo sopo, mafuta kapena mankhwala. Musadzaze nsomba zambiri m'chidebe chimodzi. Bola maulendo awiri. Kasupuni kamodzi kakang'ono ka mchere pa lita iliyonse kamathandiza kuti nsomba zisafooke. Mukafika musangokhuthula. Ikani chidebe m'damu, muzithiramo madzi a damulo pang'onopang'ono kwa mphindi 20 kapena 30, kenako chipendeketseni nsomba zituluke zokha.

Musanasamutse, mlangizi wa za nsomba azione kaye. M'chaka cha 2020 ku Mchinji kunabuka matenda a zilonda pa nsomba otchedwa EUS, ndipo amafala kudzera m'nsomba zamoyo, m'madzi ndi m'maukonde obwerekana. Ife tili pamalire, kungooloka msewu ndi ku Mozambique, ndiye n'kosavuta kutenga kapena kupereka nsomba kwa achibale a ku Angónia osaganizira za matenda. Nsomba ya chilonda chofiira isapite m'damu la wina, ndipo ukonde wobwereka uyanikidwe padzuwa mpaka uumiretu.

Nsomba za m'galasi

Mbuna ndi nsomba zina zamawangamawanga za m'nyanja ya Malawi zimawetedwa m'magalasi m'maiko ambiri. Malemu Stuart Grant anayamba kuzitumiza kunja m'zaka za m'ma 1970 kuchokera ku Salima, ndipo mbuna ndi zina mwa zimene zinachititsa kuti Lake Malawi National Park ilowe m'kaundula wa UNESCO mu 1984. Kuno si ambiri ali nazo, koma amene ali ndi galasi la nsomba pabalaza, m'sitolo kapena pamalo ogona alendo adziwe kuti madzi ochepa amawonongeka msanga kuposa damu.

Chabwino koposa ndi kuchotsa galasi m'chipinda chimene chikukonzedwa. Musalinyamule lili ndi madzi. Lita imodzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho galasi la malita 100 limapitirira makilogalamu 100 mukawonjeza miyala ndi mchenga, ndipo likapotoka pang'ono limathetheka kapena kumatuka m'makona. Tungani theka la madzi ake m'zigubu zoyera, ikani nsomba m'ndowa yovindikira ya madzi omwewo, chotsani miyala ndi madzi otsalawo, kenako nyamulani anthu awiri. Likhale pathebulo lolimba, losapendekera, m'chipinda chotseka chitseko, kutali ndi khoma limene akugumula, chifukwa kugunda kwa hamala kumayenda m'khoma ndi pansi n'kudzidzimutsa nsomba.

M'sefa ya m'galasi muli tizilombo tabwino tosaoneka ndi maso timene timasintha zoipa za nsomba kuti zisaphe. Siponji yake ikauma, kapena ikatsukidwa ndi sopo kapena madzi a kolorini, tizilomboto timafa, ndipo patapita masiku ochepa nsomba zimayamba kufa ngakhale madzi akuoneka oyera. Isungeni yonyowa m'madzi a m'galasi momwemo.

Ngati galasi silingasunthe, livindikireni ndi pulasitiki, pamwamba pake nsalu yonyowa yogwira fumbi. Koma kumbukirani kapampu ka mpweya: kamakoka mpweya wa m'chipindamo n'kuupopera m'madzi. M'chipinda mukakhala fungo la penti, vanishi, guluu wa matailosi kapena Doom, kapampuko kakupereka fungolo kwa nsomba. Lumikizani kapaipi kakatali, pampu ikhale panja kapena m'chipinda china. Musabwezere galasi m'chipinda chopakidwa penti mpaka fungo litatheratu, mawindo ali otsekula.

Wokonza mawaya akazimitsa magetsi, kapena magetsi a ESCOM akathima, sefa, pampu ndi chotenthetsera madzi zonse zimaima. Mbuna zimafuna madzi ofunda madigiri 24 mpaka 28, ndipo usiku wa Julayi kuno sizingapirire popanda thandizo. Kutani galasi ndi bulangete. Ikani botolo lotseka bwino la madzi ofunda kuti liyandame m'katimo. Ola lililonse tungani madzi ndi kapu, muwatsanulire momwemo kuchokera m'mwamba kangapo, kuti mpweya ulowe. Tsiku limenelo musadyetse. Nsomba yathanzi ikhoza kukhala masiku awiri kapena atatu osadya. Madzi owonjezera akakhala a pampopi kapena othiridwa WaterGuard, akhale m'ndowa yosavindikira masiku awiri, kutali ndi fumbi la chimango, kolorini achoke kaye.

Zikavuta, dziwani chimene chavuta

Nsomba zikayamba kuyandama, anthu amathamangira kunena kuti wina wathira mankhwala, ndipo maubale amatha chifukwa cha zimenezi. Yang'anani kaye. Kuperewera kwa mpweya kumaoneka mbandakucha: nsomba zimabwera pamwamba zikuyasamula, dzuwa likakwera zimabwerera pansi, ndipo zoyamba kufa ndi zazikulu. Poizoni alibe nthawi. Nsomba zimasambira mozungulira, kudumpha, kunjenjemera kapena kugona chammbali, zing'onozing'ono ndizo zimayamba kufa, ndipo kawirikawiri mumapezanso tizilombo ta m'madzi ndi ana a achule atafa. Simenti ndi laimu zimasiya madzi otuwa chapamene zinalowera, nsomba zili ndi mamina ambiri pathupi, makha otumbuluka. Oilo amaoneka ndi mitundumitundu yonyezimira pamwamba pa madzi.

Mukaona zotere, imitsani ntchito ndi kutseka pamene zoipa zikulowera. Lekani kudyetsa ndi kuthira manyowa. Lowetsani madzi abwino ambiri ngati alipo. Potulutsa madzi oipawo ganizirani a kumunsi: apite m'dzenje kapena pathengo, osati mumtsinje umene anzanu amamwa ndi kuthirira ndiwo zamasamba. Oilo muchotseni poyala udzu wouma, masaka kapena manyuzipepala pamwamba, kenako n'kuzivuula. Nsomba zimene zikadali ndi mphamvu zisamutsireni m'madzi oyera. M'galasi sinthani theka la madzi nthawi yomweyo, mawa lake musinthenso gawo lina.

Tungani madzi a m'damu m'botolo loyera, sungani botolo la mankhwala amene mukuwaganizira, jambulani nsomba ndi foni, ndipo dziwitsani mlangizi wa m'dera lanu kapena ofesi ya za nsomba ya boma la Ntcheu tsiku lomwelo. Nsomba zofa ndi poizoni, kapena zimene simukudziwa chazipha, musadye, musagulitse, musayanike, musapatse nkhumba, agalu kapena amphaka. Kuwamba ndi kukazinga sikuchotsa mankhwala. Zikwirireni m'dzenje lakuya kutali ndi chitsime. N'zowawa kukwirira ndiwo zimene mwazivutikira miyezi yambiri, koma kudwalitsa ana n'kowawa koposa.

Mmisiri akachoka, ntchito yanu sinathe

Nsomba zambiri sizifa masiku a chimango. Zimafa mu Novembala kapena Disembala, mvula yoyamba ikatsuka pabwalo ponse n'kukokolola fumbi la simenti, matumba ong'ambika, zitini ndi dothi la miyezi isanu pa ola limodzi. Ndiye mitambo isanayambe kusonkhana, sesani. Tolani matumba a simenti, zitini za penti, mabotolo, zidutswa za malata ndi misomali. Palani dothi lapamwamba pamene ankasakanizira simenti, mulithire m'dzenje lotsukira, mulikwirire. Fotserani maenje a njerwa, bzalani udzu kapena vetiva pamene pasala poyera, ndipo fukulani ngalande yopatutsa madzi ija ngati yakwiririka.

Mvula ziwiri kapena zitatu zoyambirira, mkwasa wolowetsa madzi m'damu ukhale wotseka. Muutsekule pokhapokha madzi oyenda m'menemo atayera. Ngati munasungitsa mbewu kwa mnzanu, yambani mwabweza nsomba zochepa, mudikire masiku atatu, ndipo zikakhala bwino mukatenge zotsalazo.